Chimene Anasoka a Mvula

A Pearson Mvula anali telala, ndipo ndikati telala sindikunena awa ongodziwa kupinda miyendo ya thalauza ayi. Ankangokuyang'ana ukubwera kuchokera kumsewu, pofika pakhonde n'kuti atadziwa kale kukula kwa mapewa ako. Tepi ankangokuzunguliza nayo kuti mtima wako ukhale m'malo. Makina awo opalasa ankakhala pakhonde la nyumba yawo kumapeto kwa Banket, kuno ku Zimbabwe, kumene anthu ochoka m'mapulazi anadzamanga timanyumba tawo. Kusokaku anakuphunzira atatopa ndi mabani a fodya. Utsi wa m'mabanimo unawasiyira chifuwa cholira ngati mvukuto, ndipo tsiku limene anagula makinawo anauza akazi awo, a Tionenji, kuti kupulazi sadzapondako ngakhale ndi chala chomwe.

Koma kuyankhula n'kosavuta, abale. Kunabwera kaunjika, uyu amene kuno timati mabhero. Loweruka lililonse milu ya zovala m'mbali mwa msewu, shati yotsika mtengo kuposa ulusi woisokera. Ndani angapite kwa telala? Anthu anayamba kubwera ndi mathalauza a m'mabheromo kuti awachepetse m'chiuno, ena kudzaikitsa zipi, kenaka nawonso anachepa. Makina ankatha tsiku lonse ali zii, mpaka nkhuku inazolowera kuikira pansi pa chopalasira. Foromani wa pulazi ina ya njira ya ku Darwendale akamadutsa pa njinga yamoto ankakuwa kuti, "A Mvula, malo m'mabani alipo!" Nayenso Afonso, mkulu wina wa ku Tete wosoka malona a malole, sankatopa kufunsa ngati makinawo sakugulitsidwa. Nkhani inali poyera: ntchito ikapanda kupezeka, makina apita kwa Afonso, ndipo a Mvula abwerera ku utsi umene unawadya chifuwa.

Amene anakana kungoonerera anali Yeukai, mkazi wa mwana wawo Evans. Evansyo ali ku Joni, ndipo mkazi wakeyu, Mshona wa ku Chinhoyi, ankagulitsa mafuta odzola kudzera pa foni basi, wopanda sitolo, wopanda tebulo. Tsiku lina atabwera kudzaona apongozi ake anakhala pa mkeka, nayang'ana makina, nayang'ana nkhuku ija, n'kupukusa mutu.

"Baba, musandione ngati wamwano," anatero m'Chichewa chake chopindika. "Munthu sagula chinthu chimene sanachione. Inu mwakhala pano kudikira anthu, koma anthuwo maso awo ali pa foni."

"Zaka zonsezi anthu amandidziwa, muroora," anatero a Mvula, pomutchula mpongozi wawoyo m'Chishona. "Ntchito yabwino imadziitanira yokha."

"Aiwa, baba. Inkadziitanira kale. Okudziwaniwo akalamba, ena anamwalira. Ndiponso mukulimbana ndi mabhero pa mashati, simungawagonjetse. Sokani zimene m'bhero mulibe. Kodi m'bhero mumatuluka yunifolomu ya kwaya? Ya amayi a kutchalitchi? Ya sosaite ya maliro, anthu onse ofanana? Apo ndiye panu."

A Mvula anavomera, chifukwa mwanayo sananame. Yeukai anawapatsa foni yake yakale yong'aluka galasi, nawaphunzitsa. Chovala chikatha, muchisite, muchipachike pakhoma loyera kunja kukuwala, muchijambule. Chithunzicho muchiike pa sitetasi ya Watsapu m'mawa, anthu akadali pa kombi popita kuntchito. Pansi pake mulembe dzina ndi malo. Kasitomala akakondwa, musachite manyazi, mumuuze kuti apatseko anzake nambala. Analembanso kachikwangwani ndi utoto wotsala n'kukakhoma pa mtengo wa m'mbali mwa msewu.

"Ndipo baba, muzionetsa zabwino kwambiri," anatero akutsanzika. "Chimene munasoka n'kunena nokha mumtima kuti apa ndiye ndasoka. Chimenecho ndicho chimakoka anthu."

A Mvula anangoseka, koma mawuwo anawalasa penapake, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake. Mkuluyu analowa gule ali wamng'ono, monga anachitira bambo awo amene anabwera wapansi kuchokera ku Dedza. Kutchalitchi ankapitako apo ndi apo, n'kukhala benchi ya kumbuyo. Ambiri kuno ndi mmene tilili, mwendo uku mwendo uku, ndipo palibe amene amafunsa mnzake. Kwa zaka zambiri zovala za gule wa mapulazi a kuno ankasoka ndi iwo, Lamulungu masana, atakokera makina m'nyumba ndi kutseka chitseko anthu ali kumapemphero. A Tionenji ankadziwa, koma ankadziwa ngati sakudziwa. Mwambo wake ndi womwewo. Pamaso pa amayi, ana ndi aliyense wosalowa, chilombo sichisokedwa ndi munthu, chimachokera kumanda. Ndiye onani tsoka lake: ntchito zonse zimene a Mvula ankanyadira zinkavina pabwalo fumbi koboo, anthu akululutira, mwiniwake ataima m'gulu ngati mlendo, osatha kunong'oneza ngakhale munthu mmodzi kuti msoko uwo ndi wanga.

Nzeru za Yeukai zinayamba kugwira pang'onopang'ono. Mphunzitsi wina anaona chithunzi cha diresi nabweretsa nsalu. Mayi wina anabwera ndi ana awiri ofuna yunifolomu. Kenaka panagwa chachikulu. Amayi a kutchalitchi kwa a Tionenji anaoda nsalu yawoyawo, yabuluu, yokhala ndi nkhunda zoyera ndi vesi m'mphepete, yoti avale onse pa msonkhano waukulu ku Chinhoyi. Mtsogoleri wawo, amayi a Lilian, anaona zithunzi za a Mvula pa foni, a Tionenji nawonso anakankhirako mawu, ntchito yonse n'kugwera pakhonde paja. A Tionenji ankayenda ngati sakuponda pansi. Nkhuku inathamangitsidwa, makina analira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tizidutswa totsala podula a Mvula ankatiponya m'thumba lawo la zigamba, poti zotsala ndi za telala, aliyense amadziwa.

Ntchitoyo ili pakati, kunabwera a Lameck, mnzawo wa ubwana, woyendetsa thirakitala, amenenso ankayang'anira za kudambwe. Munthu wofatsa, woyankhula ngati akupepesa.

"Achimwene, tili ndi mwambo wokumbukira akuluakulu aja tinaika chaka chatha," anatero motsitsa mawu. "Zakale zija chiswe chadya. Tikufuna chatsopano, choti ofika kuchokera kumapulazi ena akasimbe kwawo."

A Mvula akanatha kunena kuti manja adzaza. Sanatero, chifukwa ntchito imeneyi ndiyo inkawakoma. Lamulungu lotsatira anakokera makina m'nyumba. Chovalacho chinali cha timizere tambirimbiri tosanjikiza, tofiira, takuda, tachikasu, toti wovina akatembenuka tizimwazika. Chapakati panafunika kabuluu kuti mitundu igwirizane. Anapisa dzanja m'thumba la zigamba, n'kutulutsa tizidutswa ta nsalu ya amayi ija. Anazengereza pang'ono. Anati ndikazing'amba mopyapyala palibe angazizindikire, ndipo m'fumbi la pabwalo ndani amawerenga nsalu? Anang'amba, nasoka.

Chitatha anachiyala pamwamba pa makina, nkhope yake yovala kumaso anaikhazika pambali, nabwerera m'mbuyo. Ha! Chinthu chija chinali chokongola mochititsa mantha. Chiyambireni kugwira singano anali asanasokepo chotere, ndipo mawa lake a Lameck adzachitenga m'thumba la feteleza, iwo osadzachionanso pafupi. Mawu a Yeukai anabwera okha m'mutu. Anatulutsa foni. "Ichi n'changa ndekha," anadziuza. "Ndizingoyang'ana ndikamakalamba." Anajambula kamodzi, naika foni m'thumba msangamsanga ngati waba nkhuku.

M'mawa mwake anasita mabulauzi a amayi amene anali atatha, nawapachika pakhoma, nawajambula bwinobwino monga anaphunzitsidwira. Anakhala pakhonde kuti aike pa sitetasi. Dzuwa linkawala pa galasi long'alukalo, magalasi awo a maso anali m'nyumba, ndipo chala cha munthu amene wagwira khasu ndi fodya sichinapangidwire timabokosi ta pa foni. Anadina, nadina, nadinanso, n'kutumiza. Pansi pake panali mawu a masiku onse amene Yeukai anawakonzera: Zosokedwa ndi P. Mvula, Banket. Anaika foni pawindo n'kuyamba kupalasa.

Sipanapite nthawi, foni inayamba kunjenjemera. Inanjenjemera, inanjenjemeranso, mpaka kutsala pang'ono kugwa pawindo. A Mvula anamwetulira okha, nati lero ndiye malonda agwira, ndimalize kaye mkono uwu ndiziwayankha bwino. Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Tionenji anatulukira kuchokera kumjigo alibe ndowa, mpango uli m'manja. Anaima patsogolo pa makina. M'manja munali foni ya mayi wina woyandikana nawo. Chimene chinali pa chithunzicho sakanatha kuchitchula dzina, poti mkazi satchula, ndiye anangoloza ndi chala pakati pake.

"Bambo a Evans, nkhunda izi ndi za yani?"

A Mvula anayang'ana. Chovala chija chili yale pamwamba pa makina awo, nkhope ili pambali yopanda munthu, lumo ndi ulusi zili pomwepo. Ndipo pakati pa timizere tabuluu, poonekera bwino ngati wina wachita dala, phiko la nkhunda yoyera ndi mutu wake, ndi zilembo zitatu za vesi ija. Anathamangira foni yawo, nafufuta. Koma madzi akatayika saoleka. Chithunzi chinali chitakopedwa kale, chikudumpha kuchokera gulu ili kupita gulu lina, la tchalitchi, la sukulu, la ogulitsa tomato, la ana a kuno amene ali ku Joni.

Yeukai anaimba akusekerera. "Baba, makorokoto, zakuyenderani! Chithunzi chanu chafika mpaka ku Harare, anthu akufunsa nambala! Bwanji simunandiuze kuti mumasoka zvigure, za gule zija?" A Mvula anangoti, "Muroora, mwandipha," kenaka anadzigwira nati, "Ayi, si inu. Ndadzipha ndekha." Mwanayo sanamvetse mpaka Evans atamuimbira kuchokera ku Joni akulira.

Amayi a kutchalitchi anabwera tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Akanabwera akutukwana bwenzi zili bwino, munthu umayankhako. Anabwera mwakachetechete, atavala zitenje, ngati akupita pamaliro. Amayi a Lilian anapereka moni mwaulemu, nafunsa za chifuwa, kenaka anati, "A Mvula, tabwera kudzatenga nsalu yathu. Yodula ndi yosadula yomwe. Ndi thumba la zotsala mutipatse." Anatenga zonse, ngakhale bulauzi imene inali pansi pa singano, mkono umodzi ulipo wina palibe. Potuluka anaitanira a Tionenji pambali n'kuwauza kuti ayambe apumula kaye kumisonkhano ya amayi mpaka akuluakulu a mpingo akambirane. A Tionenji, amene sanajombepo Lachinayi chikwatiwireni, analowa m'nyumba n'kudziponya pa mphasa. Kulira kwawo kunkamveka kumsewu.

A Lameck anachedwa masiku angapo, ndipo kuchedwako kunapweteka kuposa kubwera. Atafika sanakhale pa mpando umene anapatsidwa, anakhala pa chitsa, chipewa chili pa bondo.

"Achimwene, mdzukulu wanga, kamtsikana kaja, anandifunsa dzulo. Akuti, sekuru, kani zilombo zija amasoka ndi a Mvula? Ndikanamuyankha chiyani ine?" Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ana a pakomboni akupatsirana foni akuseka. Anyamata a Chishona pa sitolo akutifunsa mtengo wake. Chinthu chimene makolo athu anachinyamula pamutu kuchokera kumudzi, nachisunga m'mapulazi a azungu, nachisunga mapulazi atalandidwa ife tikugona m'misasa ya mapepala, inu mwachiika pa foni ndi dzina lanu pansi."

"Chinali chala, achimwene. Sindinafune."

"Kutumizako chinali chala. Nanga kujambulako?"

A Lameck anawauza mofatsa kuti mlandu ulipo, mbuzi idzaperekedwa ndipo udzatha, chifukwa munthu satayidwa. Koma singano yawo kudambwe sidzalowakonso. A Mvula anafunsa ngati chovala chija chidzavine pa mwambo.

"Chingavine bwanji choti ana achiona chili pa makina? Tinachitentha."

Pa zonse zimene zinawagwera, ichi ndicho chinawaliza. Bambo wamkulu, imvi mbuu, misozi chuchuchu pamaso pa mnzake, kulirira nsanza. A Lameck anayang'ana kumbali mpaka atatha, kenaka anavala chipewa n'kumapita.

Ndiye tawerengani nokha amene anatsala. Kuno munthu ngati si wa tchalitchi ndi wa gule, ndipo ambiri ndi a zonse ziwiri. A tchalitchi ankati nsalu yako ukaisiya kwa a Mvula ikavina kumanda. A gule ankati mkulu uja alibe chifuwa chosunga kanthu. Mayi wa ana a yunifolomu uja anatuma uthenga kuti wapeza kwina. Anthu ankadutsa pamsewu atatembenuzira nkhope kutsidya, ngati kuli kanthu kosangalatsa m'munda wa chimanga chouma. Kachikwangwani kaja wina anakazula n'kukaponya m'ngalande.

Yeukai, chisoni chitamugwira, sanagonje msanga. Anati yesani kumene sakukudziwani, baba, kasitomala sali pa Banket pokha. A Mvula anasoka timayunifolomu tachitsanzo ndi nsalu yomaliza imene anali nayo, nakwera kombi mpaka ku Chinhoyi, nayenda sukulu ndi sukulu, sitolo ndi sitolo. Kwina ankawauza kuti amaoda ku Harare zotsika mtengo. Kwina mlonda sankawalola ngakhale kulowa pageti. Pa sitolo ina mnyamata wogulitsa anawayang'anitsitsa, naseka, naitana anzake kuti adzaone mdhara wa zvigure uja. Anabwerako madzulo chifuwa chikulira, zitsanzo zili m'chikwama momwe anazipindira. Mbuzi ya mlandu inadya kangachepe kamene anali atasunga. Ufa m'nyumba unafika pogogoda thumba, ndipo fodya m'mapulazi anali atayamba kuthyoledwa.

Anatumiza mawu kwa Afonso.

Afonso anabwera m'mawa ndi wilibala ndi chingwe. Sanasonyeze kukondwa, anali munthu waulemu. Anapalasa makina pang'ono, namvetsera kulira kwake, nagwedeza mutu. A Tionenji anali atakhala pakhomo, manja ali m'masaya. Afonso atangowerama kuti amasule lamba, foni inalira m'thumba la a Mvula. Nambala yachilendo. Chala chija chinadinanso polakwika, mawu n'kutuluka mokweza moti onse atatu ankamva.

Anali mayi wa ku Harare, woyankhula mwachangu, Chishona chosakaniza ndi Chingerezi. Anati wakhala akusaka nambalayi kwa nthawi yaitali. Ali ndi gulu la achinyamata ovina m'mahotela ndi m'maukwati a anthu olemera, ndipo chovala chimene anaona pa chithunzi chija sanachionepo kwina kulikonse. Akufuna zoterozo za gulu lonse, ndi nkhope zake zomwe, ndipo zikamang'ambika azibweranso. Nsalu atumiza yekha pa basi, theka la malipiro atumiza lero lomwe. Adzaika dzina la a Mvula pa zithunzi zawo zonse kuti dziko lidziwe amene amasoka.

Afonso anachotsa manja pa lamba, naimirira. A Tionenji anadzutsa mutu. Maso awo anapita pa makina, napita pa thumba la ufa limene linkaonekera pachitseko, nabwera pa chifuwa cha amuna awo. A Mvula anaona zonsezo. Ntchito imene anailira zaka zonsezi inali pa khutu pawo, yokwana kudya chaka chathunthu, ndi dzina lawo pansi. Kudambwe singano yawo anali atailetsa kale, kutchalitchi chimodzimodzi. Akanavomera, palibe china chimene akanawalanda. Anatsegula pakamwa, chifuwa chinawatsamwitsa, anatsokomola mpaka kugwira mzati.

"Halo? Baba, muripo here?" anatero mayi uja.

"Ndilipo, mayi," anatero a Mvula. "Koma mwasokera. Zimene mukunenazo sizisokedwa ndi munthu. Zimachokera kumanda."

Mayiyo anaseka kwambiri. "Aa, baba, musandiseketse. Ndine munthu wamkulu ine. Chithunzi ndili nacho pano, chovala chili pamwamba pa makina anu."

A Mvula anayang'ana Afonso, namukodola ndi mutu kuti apitirize.

"Ine makina ndilibe, mayi," anatero, nadula foni.

Lamba anamasula okha, chifukwa Afonso ankakoka molakwika. Anagwirizana awiriwo, wina uku wina uku, nakweza mutu wa makina pa wilibala, miyendo yachitsulo pamwamba, namanga ndi chingwe. A Mvula anaikapo kabotolo ka mafuta ndi mabobini onse, ngakhale sizinali pa mgwirizano. Wilibala inatsika pakhonde ikulira, inakhota pa ngalande, n'kulowa mumsewu.

Pa simenti panatsala timabowo tinayi pomwe miyendo ya makina inadya pansi. A Tionenji anadzuka, natenga tsache, nayamba kusesa ulusi ndi tinsalu tomwe tinaunjikana pamenepo. Ali chiweramire, osawayang'ana amuna awo, anafunsa ngati ovolosi yawo yakale ya kupulazi aichape lero kapena ingopita momwemo.